Lilime la Mabhurandaya ku Chitungwiza

Tauni ya Chitungwiza, kummwera kwa Harare, inakhazikitsidwa mu 1978 pophatikiza Seke, Zengeza ndi St Mary's. Ena mwa okhala kumeneko anali ochokera ku Nyasaland, amene anapita ku Southern Rhodesia m'nthawi ya atsamunda, ena kudzera mwa Mthandizi, ena paselefu, kukagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu. Ashona ankawatcha Mabhurandaya, dzina lochokera ku Blantyre. Pankhope sankadziwika kuti ndi obwera. Chinkawaulula ndi lilime.

Wofika ali kale ndi ndevu ankachidziwa Chishona mpaka kuchitira malonda, koma zv ndi sv, maliwu otuluka ngati likhweru, ankamukanika. Pamene ife timati munthu, Mshona amati munhu, ndipo Chishona cha m'mabuku chilibe l, liwu limene ife timalisinthanitsa ndi r mosazindikira. Ngakhale dzina limene Ashona anapatsa gule wamkulu, Zvigure, limayamba ndi liwu lovuta kwa eni gulewo!

Mu 1967 Eric Lenneberg anafotokoza kuti nyengo yophunzira chiyankhulo mosavuta imatha mwana akamatha msinkhu. Koma mu 1995 James Flege ndi anzake, atamvetsera Chingerezi cha Ataliyana 240 osamukira ku Canada, anapeza kuti katchulidwe kachilendo kamakula pang'onopang'ono malinga ndi msinkhu umene munthu anafikira. Ine ndikuona kuti Flege ndiye akulongosola bwino nkhani yathu: chitseko sichitsekeka tsiku limodzi, khutu limangozolowera maliwu a kwawo, n'kumamva achilendo ngati omwewo.

Ana obadwira ku Zimbabwe anachiyamwa Chishona m'bwalo lamasewera. Woyimba wa ku Chitungwiza, Alick Macheso, amene bambo ake ndi a ku Malawi, amayimba m'ziyankhulo zonse ziwiri. Komabe lilime litasiya kuwaulula, mapepala anapitiriza: zitupa za ambiri zinkalembedwa kuti "alien", ndipo anamanidwa mwayi wovota. Malamulo aakulu a 2013 ndiwo anapereka unzika kwa obadwira m'dzikomo amene kholo lawo linachokera m'maiko a SADC, n'kuika Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka.

Lero mdzukulu wa ku Zengeza amene waphunzira Chichewa atakula, akafika kwa agogo ku Dedza n'kupereka moni, a pamudzi amamufunsa kuti, "Kodi kwanu n'kuti?"