Maswiti a nyengo ya zikondwerero ndi mano a ana

Pa 31 Okutobala ana a ku America amavala zoopseza n'kumagogoda khomo ndi khomo kupempha maswiti. Ndiyo Halloween imene mumaiona pa TikTok ija. Kuno ku Kande yathu imabwera mu Disembala: "Khirisimasi bokosi!" kuyambira pa 25 mpaka Nyuwere, kuphatikizapo maswiti amene alendo ena obwera kunyanja amagawira ana m'njira. Mwana amatha kuswera tsiku lonse switi ili m'kamwa.

Bungwe la WHO mu 2015 linalangiza kuti shuga wowonjezera asafike pa 10 peresenti ya mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya pa tsiku, ndipo kutsika mpaka 5 peresenti ndiye bwino koposa. Kwa munthu wamkulu, 5 peresentiyo ndi pafupifupi magalamu 25, masipuni a tiyi 6. Botolo limodzi la Coca-Cola la 300ml limapitirira kale pamenepo, ndiye ganizirani mwana wa zaka zisanu amene wawonjezeranso Sobo, mabisiketi ndi firizi. Wosakwana zaka ziwiri asapatsidwe n'komwe. Ena amati shuga wathu wa ku Dwangwa ali ndi vitamini A. N'zoona, koma m'kamwa amagwira ntchito ya shuga basi.

Apa ndiye pagona nkhani. Dzino siliwola chifukwa cha kuchuluka kwa shuga kokha, koma kuti walowa kangati. Tizilombo ta m'kamwa timasandutsa shuga kukhala asidi, ndipo asidiyo amadya chikuto cha dzino kwa mphindi 20 kapena kuposera, malovu asanamuchotse. Maswiti asanu odyera kamodzi, atangotha nsima, ndi nkhondo imodzi. Asanu omwewo, imodzi pa ola lililonse, ndi nkhondo zisanu. N'chifukwa chake switi ya kamtengo ndi tofi womata ndizo zoipitsitsa: zimachedwa m'kamwa. Ndiye ngati mukulera mng'ono wanu holide ino, musamulande, angolira n'kukapempha kwa aneba. Sungani thumbalo inuyo, muzimupatsa akamaliza kudya, kenako amwe madzi. Usiku akatsuka mano, zatha.

Kutsuka kwake ndi kawiri pa tsiku, ndi kolugeti wokhala ndi fluoride. Wosakwana zaka zitatu, kadontho ngati kambewu ka mpunga. Wokulirapo, ngati nandolo mmodzi. Alavule koma asachukuche ndi madzi ambiri. Zoti "ndi mano a mkaka, agweruka okha" musazimvere. Dzino lowola limapweteka, mwana sagona, sadya, ndipo likachoka msanga la ukulu limamera mokhota.

Switi yolimba yozungulira imatha kutsamwitsa mwana wosakwana zaka zinayi. Firizi naye funsani madzi ake achokera kuti. Kolera ya mu 2022 sitinaiiwale kuno ku Nkhata Bay.

Mwayi wake, Disembala ndi nthawi ya mango. Mwana wokhuta kondowole wa usipa, n'kutsitsira bango, savuta kwambiri za maswiti, ndipo usipa wodya ndi minga yomwe umalimbitsa mano ndi mafupa.

Madokotala a mano m'dziko muno ndi ochepa. Maphunziro a digiri yake anangoyamba mu 2019 ku Blantyre. Mukaona kadontho koyera ngati choko kapena kakuda pa dzino, pitani naye kuchipatala cha Chintheche kapena cha boma ku Nkhata Bay lisanabowoke. Tsaya likatupa ndipo thupi latentha, ulendo wake ndi wa tsiku lomwelo.