Kuyandamitsa mkuwa ndi thovu

Iyi ndi njira yolekanitsira mkuwa ndi mwala wachabe, imene migodi ya ku Zambia monga Mufulira, Nchanga ndi Kansanshi imadalira. Mwala umaperedwa kukhala ufa, n'kuusakaniza ndi madzi, kenaka amauziramo mpweya. Timiyala ta mkuwa timakakamira ku thovu n'kukwera pamwamba, zinyalala n'kutsala pansi.

Chimene chimachititsa zimenezi ndi mankhwala otchedwa xanthate, amene Cornelius Keller analembetsa ku America mu 1925. Miyala ya mkuwa yokhala ndi sulufule, monga chalcopyrite, bornite ndi chalcocite, imadutsitsa magetsi. Choncho xanthate akafika pakamwala amasiyapo maelekitironi, ndipo okosijeni wa m'madzimo amawalandira pamalo ena pakamwala komweko. Akatero xanthate amamatirira, kamwalako n'kuyamba kukana madzi. Okosijeni akasowa, kumatirirako kumafooka. N'chifukwa chake mipira yachitsulo yoperera mwala imavutitsa: ikamachita dzimbiri imadya okosijeni yemweyo.

Pyrite, mwala wa chitsulo ndi sulufule, nayenso amakoka xanthate ngakhale kuti sakufunika. Amamuletsa pothira laimu, madzi n'kuchepa asidi.

Mwala wobiriwira wa malachite, wopezeka ku Nchanga ndi ku Kansanshi, ndiye wamakani. Ulibe sulufule, motero xanthate saugwira bwino. Amayamba authira sodium hydrosulphide kuti uvale khungu la sulufule, koma mlingo ukapitirira, ngakhale chalcopyrite amaleka kuyandama.