Mafumu Awiri pa Bwalo la ku London

Ndikamamasulira nkhani za makhoti, mawu akuti apilo ndimakonda kuwalemba kuti kukamang'ala ku bwalo lalikulu. Komabe pa milandu ya malo, ngongole kapena chipukutamisozi, bwalo lalikululo silizenganso mlandu kuyambira pachiyambi. Kawirikawiri siliitananso mboni. Limawerenga zimene zinalembedwa ku khoti laling'ono, n'kumva maloya, ndipo funso lalikulu limakhala lakuti: kodi woweruza analakwitsa pomasulira lamulo?

M'nthawi ya atsamunda, bwalo lomaliza la mayiko olamulidwa ndi Britain linali Privy Council ku London. Mafumu awiri anatengera milandu ya malo kumeneko, ndipo anabwerako ndi mayankho osiyana.

Woyamba anali Amodu Tijani, Mfumu Oluwa ya ku Lagos. Boma litalanda malo a ku Apapa, khoti la ku Nigeria linagamula kuti iye anali woyang'anira chabe, choncho chipukutamisozi chake chikhale chochepa. Anapita ku London pamodzi ndi Herbert Macaulay, ndipo mu 1921 anapambana. Viscount Haldane anachenjeza oweruza kuti asamayeze umwini wa malo wa Aafirika ndi muyeso wa malamulo a ku England. Malowo anali a mtundu wonse, ndipo boma linayenera kulipira mtengo wake wonse kudzera mwa mfumuyo.

Wachiwiri anali Sobhuza II wa ku Swaziland, dziko limene lero ndi Eswatini. Lamulo la mu 1907 linasiyira Aswazi gawo limodzi mwa magawo atatu a dziko lawo. Sobhuza anasumira Allister Miller ndi kampani yake chifukwa chochotsa anthu pa malo, ndipo atagonja kwawo anachita apilo. Mu 1926 Privy Council inamukanira. Inati kutenga malowo linali dongosolo la Mfumu ya Britain mwa ulamuliro wake, ndipo panalibe khoti limene likanaligwetsa.

Kwa ine, kusiyana kwa milandu iwiriyi kukuonetsa pamene apilo imathera mphamvu. Tijani ankadandaula kuti oweruza sanamvetse lamulo, ndipo zimenezi bwalo lalikulu limatha kukonza. Dandaulo la Sobhuza linali pa lamulo lenilenilo, limene bwalolo linakhazikitsidwa kuti lizilitsata. M'zaka za m'ma 1940 Aswazi anayamba kusonkha ng'ombe m'thumba lotchedwa Lifa, kuti agulenso malo a makolo awo.