Sikelo ya nyutirino ili kumwamba

Mu 1930 Wolfgang Pauli adalingalira za mphamvu imene inkasowa maatomu ena akamasweka. Iye adati payenera kukhala kanthu kosaoneka kamene kamathawa nayo. Enrico Fermi adakatcha nyutirino, koma padapita zaka 26 kuti Clyde Cowan ndi Frederick Reines akapeze, pa Savannah River ku America.

Kenako nkhani idafika ku Joni. Mu 1965, masiku amene amuna a ku Malawi ankakhamukira kumigodi kudzera ku Wenela, Reines ndi Friedel Sellschop anali ndi zida zawo mumgodi wa golide wa ERPM ku Boksburg, makilomita oposa 3 pansi. Thanthwe lidasefa zosokoneza, ndipo iwo adaona zizindikiro za tinyutirino tobadwira mumlengalenga.

Ambiri ankati kanthuka kalibe kulemera. Mu 1998 Super-Kamiokande ya ku Japan idaonetsa kuti kamasintha mtundu kali paulendo, zimene sizingatheke popanda kulemera. Kuchokera apo tidziwa kuti kulemera kwa mitundu yake itatu yonse pamodzi sikungachepere pafupifupi 0.06 eV (muyeso wa kulemera kwa tinthu totere), pamene elekitironi imodzi ndi 511,000 eV. Malire apansi ndi amenewo. Nanga apamwamba?

Semyon Gershtein ndi Yakov Zeldovich adalozeratu kumwamba mu 1966. Tinyutirino totsala pachiyambi cha chilengedwe tili ponseponse, toposa 300 m'kabokosi ka sentimita imodzi mbali zonse, kaya mwaima ku Rufunsa kaya pakati pa milalang'amba. Kalelo tinkathamanga kwambiri moti mphamvu yokoka zinthu inkalephera kutisonkhanitsa. Choncho tikakhala tolemerapo, chilengedwe chimakhala ngati nsima yovundulidwa bwino: mibulu yaing'ono imachepa. Akatswiri amayeza mmene milalang'amba yaunjikirana, n'kuona kuti mibuluyo yachepa motani.

Mu 2018 zotsatira za setilaiti ya Planck, pamodzi ndi mapu a milalang'amba, zidati kulemerako sikuposa 0.12 eV. DESI ya pa Kitt Peak ku Arizona, imene imatha kuyang'ana milalang'amba 5,000 nthawi imodzi, idatsitsa malirewo kufika pa 0.064 eV mu 2025. Denga layandikira pansi mochititsa nthumanzi.

Ine nambala imeneyi sindiimeza yonse. Imadalira kuti mphamvu yofutukula chilengedwe sisintha, pamene DESI yomweyo ikuonetsa ngati imasintha. KATRIN ya ku Karlsruhe, yoyezera mulabotale osadalira zakumwamba, idangofika pa 0.45 eV mu 2025.