Mwana akayamba kudya nachepetsa kumwa mkaka wa m'chitini: zoyenera kudziwa

Makolo ambiri amene akulera ana ndi mkaka wa m'chitini amada nkhawa akaona kuti mwana amene ankamaliza botolo lonse wayamba kusiya mkaka pamene wayamba kudya phala. Akatswiri a za kadyedwe ka ana amati kuchepa kotereku n'koyembekezeka, popeza mimba ya mwana ndi yaing'ono ndipo malo amene ankadzaza ndi mkaka tsopano akugawidwa ndi chakudya. Chofunika kuyang'anitsitsa ndi chimene chikulowa m'malo mwa mkakawo. Ngati ndi chakudya chopatsa thanzi, mwana amapitiriza kukula bwino. Ngati ndi phala lamadzimadzi, tiyi kapena mkaka wosungunulidwa ndi madzi ochuluka, mwana amayamba kunyentchera ngakhale akuoneka wokhuta.

Nthawi yoyambira chakudya

M'chaka cha 2001, msonkhano waukulu wa maiko amene ali m'bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO unagwirizana kuti mwana aziyamwa bere lokha kwa miyezi 6 yoyambirira, kenako ayambe kulandira zakudya zina uku akuyamwabe kufikira zaka ziwiri kapena kupitirira. Mwana amene sakuyamwa, kaamba ka imfa ya mayi, matenda kapena chifukwa china, nayenso amayenera kukhala pa mkaka wokha kufikira miyezi 6. Pa msinkhu umenewu ayironi amene mwana anabadwa naye m'thupi amakhala atatsala pang'ono kutha, ndipo mwana amakhala atayamba kulimba khosi, kukhala tsonga mothandizidwa ndi kumeza chakudya chofewa.

Mwana wosakwana miyezi 6 amafuna mkaka wa m'chitini wokwana pafupifupi mamililita 150 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake tsiku lililonse. Motero mwana wolemera makilogalamu 7 amamwa pafupifupi lita imodzi patsiku. Kuchokera pamenepa mlingowo umayamba kutsika.

Mmene mkaka umachepera

Malinga ndi malangizo amene WHO inatulutsa m'chaka cha 2005 okhudza ana osayamwa a miyezi 6 kufikira 24, mwana wa miyezi 6 mpaka 8 amafuna makalori pafupifupi 600 patsiku, wa miyezi 9 mpaka 11 amafuna 700, ndipo wa miyezi 12 mpaka 23 amafuna 900. Kufunika kwa mphamvu kukukwera, koma mimba ya mwana imalandira pafupifupi magalamu 30 okha pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake nthawi imodzi. Mwana wa makilogalamu 8 amakhuta ndi chakudya chongodzaza kapu imodzi ya tiyi. N'chifukwa chake supuni iliyonse ya phala imachotsako gawo la mkaka.

Kutsikaku kumachitika pang'onopang'ono. M'masabata oyambirira mwana amangolawa masupuni awiri kapena atatu, ndipo mkaka umakhalabe chakudya chake chenicheni. Achipatala a boma ku Britain, kumene ana ambiri amaleredwa ndi mkaka wa m'chitini, amati mwana wa miyezi 7 mpaka 9 amamwa pafupifupi mamililita 600 patsiku, ndipo wa miyezi 10 mpaka 12 amatsikira pa 400. Malangizo a WHO a 2005 aja amati mwana amene amadya kawirikawiri nyama, nsomba kapena mazira amafuna mamililita 200 mpaka 400 a mkaka patsiku, pomwe amene sapeza zakudya zimenezi amafuna mamililita 300 mpaka 500. Mfundo yachiwiriyi ndiyo ikukhudza mabanja ambiri a m'chigawo cha kum'mwera kwa Africa, kumene ndiwo zankhuli sizipezeka tsiku lililonse. Pakhomo pamene chakudya ndi chosakwanira, mkaka suyenera kuchepetsedwa msanga.

Mwana wosayamwa amayenera kudya kanayi kapena kasanu patsiku, kuwerengera pamodzi nthawi zomwera mkaka, ndiponso kulandira tizakudya tina kamodzi kapena kawiri pakati pa nthawizo. Mkaka ukamachepa, madzi a m'thupi nawonso amachepa, choncho mwana amafunika madzi akumwa owiritsa. M'madera otentha monga chigwa cha Shire ndi chigwa cha Zambezi, mlingo wa madzi owonjezerawa ukhoza kufika mamililita 800 mpaka 1,200 patsiku.

Chimene chilowe m'malo mwa mkaka

Ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe chakudya choyamba cha ana ambiri ndi phala la chimanga. Vuto lodziwika ndi lakuti phalali limaphikidwa lamadzi kwambiri kuti lisavute kumeza, mwinanso kuti lithiridwe m'botolo. Phala lotere limadzaza mimba popanda kupereka mphamvu yofanana ndi ya mkaka umene mwana wasiya, womwe umakhala ndi makalori 60 mpaka 70 pa mamililita 100 alionse. Alangizi a zaumoyo amaphunzitsa kuti phala labwino ndi lolimbirako, limene silitayika msanga supuni ikapendeketsedwa.

Phala la mgaiwa limaposa la ufa woyera, ndipo limakhala lopatsa thanzi koposa likathiridwa nsinjiro, ufa wa soya, dzira, usipa kapena kapenta wosinja, masamba osinja monga bonongwe ndi nkhwani, ndiponso supuni yaing'ono ya mafuta ophikira. Likuni Phala wa ku Malawi, wopangidwa ndi chimanga ndi soya, anakonzedwa pa mfundo yomweyi. Nthochi, mapapaya, mapeyala, maungu ndi mbatata yofiira m'kati n'zoyenera kuphwanyira mwana. Chiwindi, nyama ndi nsomba ndizo zimapereka ayironi wochuluka. Uchi suyenera kuperekedwa kwa mwana wosakwana chaka, ndipo tiyi ndi zakumwa zotsekemera zimangothetsa njala popanda phindu.

Pamene kuchepa kwa mkaka kukhala koopsa

Mkaka wa m'chitini ndi wokwera mtengo. M'miyezi 6 yoyambirira yokha mwana amafuna makilogalamu pafupifupi 20, kapena kuti zitini 40 za magalamu 500. Mabanja ena akasowa ndalama amachepetsa ufa wa mkaka nachulukitsa madzi, kapena amayambitsa phala mwana ali ndi miyezi itatu kuti chitini chikhalitse. Apa mkaka sunachepe chifukwa mwana wakula, koma chifukwa cha umphawi, ndipo zotsatira zake ndi kunyentchera ndi kupinimbira. Mkaka wotsekemera wokhuthala wa m'zitini ndi ufa wothira mu khofi sizingalowe m'malo mwa mkaka wa mwana.

Ngozi ina ndi madzi. Kumayambiriro kwa chaka cha 2006, mvula yamphamvu itawononga madzi akumwa ku Botswana, kunabuka matenda otsegula m'mimba amene anapha ana oposa 500. Pa nthawiyo boma la dzikolo linkapereka ulere mkaka wa m'chitini kwa amayi amene ali ndi kachirombo ka HIV, ndipo ofufuza anapeza kuti ambiri mwa ana amene anadwala kwambiri sankayamwa. Zochitika ngati zimenezi zinathandiza kusintha ndondomeko m'chigawo chino. M'chaka cha 2011, dziko la South Africa linalengeza m'chikalata cha Tshwane kuti lisiya kugawa mkakawu ulere mwachisawawa, ndipo m'chaka cha 2016 WHO inalangiza kuti mayi amene ali ndi kachiromboka ndipo akumwa mankhwala a ma ARV mokhulupirika ayamwitse kwa miyezi 12 kapena kupitirira.

Kumene mkaka wa m'chitini ukugwiritsidwabe ntchito, malangizo a WHO ndi bungwe la FAO a 2007 amati usungunulidwe ndi madzi owiritsa amene sanazizire kutsika pa madigiri 70, ndipo wotsala utayidwe pakatha maola awiri. Kapu ndi yosavuta kutsuka kusiyana ndi botolo.

Mmene makolo angadziwire

Muyeso wodalirika ndi sikelo osati botolo. Mwana amene akusiya mkaka koma akudya, akusewera, akukodza kawirikawiri ndipo mzere wa pa khadi lake la kusikelo ukukwera mwezi ndi mwezi, ali bwino. Sayenera kukakamizidwa kumaliza botolo, ndipo akatembenuza nkhope kapena kutseka pakamwa ndiye kuti wakhuta.

Mwana apite kuchipatala msanga ngati akukana mkaka ndi chakudya chomwe, akusanza chilichonse, akutsegula m'mimba, watentha thupi, wafooka, maso kapena liwombo zalowa m'kati, kapena mapazi atupa. Kulemera kukaima kwa miyezi iwiri yotsatizana ndi chenjezonso. Achipatala amayeza mkono wa mwana ndi kalamba kapadera: muyeso wochepera masentimita 12.5 umasonyeza kunyentchera, ndipo wochepera 11.5 umasonyeza kunyentchera koopsa.

Akakwanitsa chaka

Malangizo atsopano a WHO a m'chaka cha 2023 amati mwana wosayamwa wa miyezi 6 mpaka 11 akhoza kumwa mkaka wa m'chitini kapena mkaka wa ziweto wosachotsedwa mafuta, umene uyenera kukhala wowiritsa kapena wokonzedwa kufakitale, ngakhale maiko ena monga Britain amalangiza kudikira kufikira chaka. Kuyambira miyezi 12, mkaka wa ng'ombe kapena mbuzi ndi wokwanira, ndipo zitini zimene zimagulitsidwa kuti ndi za ana okulirapo sizofunika. Msonkhano wa WHO unanena zimenezi kale m'chaka cha 1986, patapita zaka zisanu chikhazikitsireni malamulo a 1981 oyendetsera malonda a mkaka wolowa m'malo mwa bere. Ndalama imene banja likanagulira zitini zimenezo ikhoza kugula mazira, mtedza ndi nsomba zimene mwana wa msinkhu umenewu akufunikira tsiku ndi tsiku.