Kamera ya Filimu Yogula pa Kaunjika: Mbiri ya Chipangizo Chotayidwa n'Kutoledwanso

M'misika ya katundu wakale komanso pa intaneti mumapezeka timakamera ta filimu tokwana m'thumba, timene munthu amangolozetsa pa chimene akufuna kujambula n'kudina batani. Wogula kakamera kotereka amakopeka ndi kutsika mtengo kwake. Koma mtengowo uli ndi mbiri yakeyake, ndipo kukwera ndi kutsika kwake kumasonyeza mmene luso lojambula linachokera m'manja mwa akatswiri n'kufika kwa anthu wamba.

Nkhaniyi inayambira mumzinda wa Rochester ku America. Mu 1888, George Eastman anayamba kugulitsa kamera yotchedwa Kodak pa mtengo wa madola 25, ili kale ndi filimu ya zithunzi 100. Filimuyo ikatha, mwini wake ankatumiza kamera yonse ku fakitale kuti akatsuke zithunzizo ndi kuikamo filimu ina. Mu 1900 kunabwera Brownie ya dola imodzi. Nzeru ya malondawa inali yakuti phindu lenileni silinali pa kamera ayi, koma pa filimu ndi kutsuka zithunzi.

Makampani a ku Japan ndiwo anapititsa patsogolo ntchito yopeputsa kajambulidwe. Olympus Trip 35, imene inatuluka mu 1967, inkayeza yokha kuchuluka kwa kuwala popanda batire, ndipo pofika mu 1984 anali atagulitsa makamera oterewa mamiliyoni angapo. Mu 1977, Konica C35 AF inakhala kamera yoyamba yogulitsidwa mwaunyinji yotha kudziyezera yokha mtunda wa pakati pa galasi ndi chojambulidwa. Canon AF35M ya mu 1979 inawonjezapo kainjini kokoka filimu. Chilichonse chimene kale chinkafuna diso ndi dzanja la katswiri chinasamukira m'timawaya ndi timagiya ta pulasitiki. Olympus mju-II ya mu 1997 inali m'gulu la makamera omaliza otchuka a m'badwo umenewu.

Kugwa kwake kunali kwadzidzidzi. Ngakhale kuti Steven Sasson anapanga kamera ya dijito ku Kodak komweko mu 1975, malonda a filimu anapitiriza kukula mpaka cha m'ma 2000, kenaka anatsika msangamsanga. AgfaPhoto inagwa mu 2005, Konica Minolta inasiya kupanga makamera mu 2006, ndipo Kodak inapempha khoti kuti liiteteze kwa okongoza ake mu January 2012. Timakamera tambirimbiri tinaponyedwa m'madirowa kapena kugulitsidwa pa mtengo wotaya.

Komatu chotayidwa ndi wina n'chuma kwa mnzake. Achinyamata amene anakulira pa zithunzi za m'foni anayamba kusirira maonekedwe a filimu. Mu 2017, Kendall Jenner ataonetsa Contax T2 pa pulogalamu ya pa TV ya Jimmy Fallon, mitengo ya makamera odziwika inakwera kwambiri, ndipo amene anatsala otchipa ndi aja opanda dzina lomveka. Chidwi chimenechi ndicho chinachititsa kampani ya Ricoh kutulutsa kamera yatsopano ya filimu, Pentax 17, mu 2024.

Wogula kamera yakale amatengera limodzi ndi zofooka za nthawi imene inapangidwa. Kasiponji kotchinga kuwala pa chitseko kamanyenyeka, galasi limachita nkhungu, mabatire oiwalika mkati amadya zitsulo, ndipo giya likathyoka palibenso fakitale yopanga lina. Makamera ena odinda deti pakona ya chithunzi ali ndi kalendala yothera mu 2019, umboni wakuti opanga ake sanayembekezere kuti angafike mpaka lero. Nayo nzeru ya Eastman sinafe: mipukutu yochepa chabe ya filimu ya zithunzi 36, pamodzi ndi kutsuka kwake, ikhoza kuposa mtengo wa kamerayo.

Kwa ophunzira mbiri, phindu la timakamera timeneti lagona pa zimene tinasiya. Zithunzi zambiri za m'nkhokwe za atsamunda zinajambulidwa ndi alendo pofuna kukwaniritsa zolinga zawo. Kamera yotchipa inapatsa mabanja a kum'mwera ndi pakati pa Afirika, ndi ojambula oyendayenda amene ankawatumikira, mwayi wosankha okha chofunika kukumbukiridwa: ukwati, ubatizo, tsiku lolandira satifiketi, wachibale wobwerera kuchokera ku Joni. Zithunzi zimenezo, ndi timadeti tawo pakona, zikufwifwa m'maalubamu ndi m'masutikesi, pamene manegetivu ake ambiri anatayidwa kale. Kamera ikafa munthu angathe kugula ina pamsika. Chithunzi chopanda negetivu chikafufutika, umboni wa tsikulo umapita nacho limodzi.