Dotolo wa Mfumu ndi Lamulo la Imfa

M'mwezi wa December 1936, akulu a m'nyumba ya malamulo ya House of Lords ku London anakambirana ngati nkoyenera kuloleza dotolo kufupikitsa moyo wa wodwala wosayembekezeka kucira, amene wapempha yekha. Lord Dawson, dotolo wa Mfumu George V, anatsutsa, nati nkhani yotere isiyidwe ku cikumbumtima ca madotolo. Lamulolo linagwa: 35 anakana, 14 anabvomera.

Koma m'caka ca 1986 zolemba zace zinaulula cinsinsi. Usiku wa pa 20 January 1936, iye mwini anabaya Mfumuyo morphine ndi cocaine iri cikomokere, cifukwa cimodzi cikhala cakuti imfayo imveke m'nyuzi za m'mawa. Wokana lamulo poyera anali atacita kale kuseri cimene lamulolo likadaletsa: kufulumiza imfa mwini moyo osafunsidwa.